Kamera Pamanda a Wokhoma Mbaula

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu ku Kapata, ndiwo amadziwa kuzithira mchere. Ine ndilemba za ntchito basi. Ndiyo inakulerani, ndiponso tsiku lina ndinamva mmodzi wa inu akuuza mnzake kuti atate ake ankaonetsa mafilimu m'midzi. Sananame, koma anangonena mutu n'kusiya thupi lonse. Tsono poti ndapuma ndipo nthawi ndili nayo yochita kutaya, khalani pansi muwerenge.

1990, Chipata

Ndinalembedwa ntchito ku ofesi ya boma yofalitsa nkhani ngati wothandiza pa galimoto ya kanema. Satifiketi ya giredi 12 ndinali nayo, koma ntchito yeniyeni inali kunyamula. Jenereta, pulojekita, zokuzira mawu, chinsalu choyera chimene tinkamangirira pakati pa mitengo iwiri, zonsezo zinkaudziwa msana wanga. Tinkazungulira midzi ya kuno kuonetsa anthu kapoperedwe ka thonje, katemera wa ana ndi kasungidwe ka mtedza. Anthu ankabwera ambiri, osati chifukwa cha thonje ayi, koma chifukwa tikamaliza tinkawaikira kafilimu ka mpira.

Bwana wanga woyamba anali a Zimba, munthu wamfupi, wosakalipa. Kusakalipa kwawoko kunkandipsetsa mtima kuposa kukalipiridwa. Tsiku lina chidakwa china chinapunthwa pa waya n'kuzimitsa zonse, ine n'kuchigwira pakhosi anthu akuona. A Zimba analumikiza wayayo okha, filimu n'kupitirira. Tili m'galimoto pobwerera ndi pomwe anati, "Mbewe, iwe uli ngati jenereta yathuyi. Kulira kwambiri, magetsi pang'ono." Ndinafufuma mpaka kukafika m'tauni, koma mawuwo anali oona.

Ofesi italandira kamera ya vidiyo, a Zimba anaipereka kwa ine, ati chifukwa manja anga sanjenjemera ngakhale mtima ukuwira. Anandiphunzitsa zinthu zochepa. Osayendetsayendetsa kamera ngati tochi ya mlonda. Dzuwa likhale kumbuyo kwako. Munthu akamaliza kuyankhula usazimitse msanga, chifukwa zenizeni amazinena akaganiza kuti wamaliza. Zina zonse ndinaphunzitsidwa ndi kusowa. Mafuta ankatha mwezi usanafike pakati. Matepi atsopano tinkangowamva m'malonjezo ochokera ku Lusaka, kotero tinkajambula pamwamba pa akale mobwerezabwereza. Tepi ina inatopa mpaka tsiku lina, tikuonetsa alimi za dibi la ng'ombe, panatulukira mlendo wolemekezeka wa chaka chapitacho akudula riboni, kenako ng'ombe n'kubwereranso. Alimi anaombera m'manja onse awiri, ng'ombe ndi mlendo yemwe.

1998, Chadiza

A Zimba atapuma kunabwera bwana wina amene ankatenga galimoto ya kanema kukatutira chimanga chake. Ndinamuuza pamsonkhano wa ogwira ntchito kuti galimotoyo si ngolo ya amalume ake. Mwezi wotsatira anandiuza kuti ndakwezedwa, ndikayang'anire ofesi ya ku Chadiza. Ofesiyo inali tebulo, mpando ndi ine. Amayi anu anakhala masiku osandiyankhula, ndipo atayamba kuyankhula anati, "Pakamwa panu ndiye pakwezedwa, inu ayi."

Kumeneko ndinkayenda panjinga, kamera m'chikwama kumsana, mabatire n'kumakatchajitsa ku mishoni. Koma ndi kumeneko kumene ndinawadziwira malire. Ku Lusaka malire ndi mzere wofiira pa mapu. Ku Chadiza malire anali mzere wa chinangwa cha munthu wina. Wina nyumba ili kuno, munda uli ku Mozambique, mkazi anakamutenga ku Malawi, ndipo maliro akagwa onsewo amakumana pamanda amodzi popanda wofunsa chitupa. Anthu amenewa ndinkawaona tsiku ndi tsiku, ndinkadya nawo, koma sindinkawajambula. Ntchito yanga inali kujambula alendo olemekezeka. Onyamula mipando, otungira alendowo madzi, ogona m'khonde la sitolo, ndikawagwira m'chithunzi bwana wa ku Chipata ankati, "Dula apo, akuipitsa." Ndinadula, ndinadula, mpaka anandibweza ku Chipata mu 2009 mutu utayamba imvi.

Ndinapeza galimoto ya kanema ili pamiyala kuseri kwa ofesi, nkhuku za mlonda zikuikiramo mazira. Matepi anali atatha ntchito, tsopano zonse zinkajambulidwa pa kakhadi kolowetsa m'kamera. Anyamata atsopano a madigiri ankanditcha mudala. Sindinkadandaula, chifukwa mvula ikagwa pakati pa msonkhano onse ankathawira m'galimoto, wotsala panja ndi kamera n'kukhala mudala yemweyo.

2016, Mwami ndi Nabvutika

Chaka chimenechi kunabwera mayi wina wochokera ku Lusaka, a Chileshe, wopanga mafilimu a nkhani zoona. Anali ndi chilolezo chopanga filimu ya anthu a m'mphepete: amayi odutsitsa katundu m'tinjira ta kutchire pafupi ndi chipata cha malire cha Mwami, ophwanya miyala, ndi obwera ochokera kumayiko ena amene akhala kuno zaka zambiri mobisala. Ankafuna wojambula wodziwa malo ndi chiyankhulo, ndipo ofesi inandibwereketsa kwa iwo, mwina pofuna kupumako.

"Ba Mbewe," anatero tsiku loyamba, "baniuza ati ndimwe ovuta maningi."

"Kuno ndi a Mbewe, mayi. Za kuvutazo sananame."

Anaseka. Zina zonse zimene ananena ndizilemba m'chiyankhulo chathu, chifukwa cha ku Lusaka chimandipweteka dzanja. Ndinkayembekezera munthu wothamanga, wofika n'kuloza anthu kamera ngati waona nyama za ku Luangwa. Sanali otero. Masabata oyamba kamera sinatuluke m'chikwama. Ankakhala pansi ndi amayi ophwanya miyala, nyundo m'manja, mpaka zikhatho zawo zinatuluka matuza. Ndinayamba kuwalemekeza, ndipo ine sindilemekeza munthu msanga.

Ku Mwami tinkaimika galimoto patali ndi chipata n'kulowa m'tchire wapansi. Amayi aja ankasenza shuga, mafuta ophikira, mitolo ya zitenje, akuyenda mondondozana ngati linthumbu. Mmodzi wa iwo, wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe, atandizindikira anatula katundu n'kugwira m'chiuno. "Iii, a boma! Lero mwationa? Zaka zonsezi mumangotithira fumbi ndi galimoto yanu." Ndinati lero ndabwera wapansi, mayi. Anati, "Chabwino, koma mujambule miyendo yokha. Amuna anga ali ku Mchinji akadziwa kuti ndanenepa abwerera." Anzake anafa nacho chiseko, koma lamulo linali loona: nkhope ayi. Choncho ndinajambula mapazi osweka, misana, zithunzithunzi zawo pansi, nkhata zapamutu zonyowa ndi thukuta. Moyo wanga wonse ndinali ndikujambula anthu ofuna kuoneka. Kujambula munthu wosafuna kuoneka, koma iye n'kumvekabe kuti ndi munthu, ndi ntchito ina, ndipo ndi imene ndinaikonda kuposa zonse. Magetsi chaka chimenecho ankazimazima, moti mabatire tinkakatchajitsa kwa wometa wina wa jenereta, ine n'kumametedwa mutu wometa kale kuti asatithamangitse.

Munthu amene filimuyo inadzatsamira pa iye ndimutchula a Banda. Mayina a m'gawo lino ndasintha, pamodzi ndi zina zing'onozing'ono, ndipo musavutike kundifunsa. A Banda ankakhoma mbaula ndi zidebe pansi pa mtengo wa mango ku Nabvutika, komboni ya kuno ku Chipata. Mbaula imene munkaothera moto muli ana inali yawo. Ndinawadziwa zaka zambiri ngati a Joseph Banda a ku Chadiza, Mkatolika wosajomba, wosamwa, wosakonda mikangano. Zoti anali obwera ndinkangozimva m'mphepo monga aliyense, ndipo monga aliyense sindinafunsepo.

A Chileshe atawapempha kwa miyezi, a Banda anavomera, koma anaika malamulo awo. "Nkhope ayi. Dzina ayi. Mawu anga akawerenge munthu wina. Mujambule manja okha, manja alibe dziko." Tinajambula manjawo akudula lata, akupinda, akukhoma, iwo akufotokoza. Anathawa nkhondo ku Mozambique atangokwatira kumene, iwo ndi akazi awo, amayi Rozina. Anakhala kumsasa wa othawa nkhondo. Nkhondo itatha magalimoto anabwera kudzabweza anthu kwawo, koma iwo anali ataika mwana wawo woyamba m'dothi la kuno, ndipo amayi Rozina anakana kumusiya yekha. Munthu wina wachifundo anawaimira ngati malume awo, zitupa n'kutuluka zonena kuti onse awiri anabadwira ku Chadiza. "Banda ndi mfunda wanga weniweni," anatero, "pamenepo sindinaname. Koma dzina limene amayi anga anandipatsa ndinalikwirira. Ngakhale m'nyumba mkazi wanga anasiya kundiitana nalo, kuopa kuti mwana angakalitchule kusukulu."

Nditazimitsa kamera mtima unandiwawa. Ndinati, "A Banda, zaka zonsezi ndikugula mbaula pano, osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanatani, a Mbewe? Mukanagula ziwiri?"

Mwana amene anawatsalira anali mmodzi, Esinati, ndipo nthawi imeneyo anali ku koleji ya aphunzitsi. Chitupa chake chinaima pa zitupa za makolo ake. Zikagwa za makolo, chakenso chagwa, sukulu ndi ntchito ya boma zomwe. A Banda akamanena zimenezi nyundo inkaima m'mwamba pang'ono isanatsike.

2017, maliro

A Banda anamwalira mvula ikutha, atadwala chifuwa masiku ochepa. Filimu inali isanathe. Pasiwa amayi Rozina anandiitanitsa m'nyumba momwe anakhala pamphasa ndi amayi anzawo. "A Mbewe, abale awo ali kutali, ambiri sangabwere. Mundijambulire mwambo wonse ndidzawatumizire, aone kuti sitinawataye ngati galu." Kamera ya ofesi yathu inali itafa, choncho ndinapempha ya a Chileshe. Anavomera, ndipo nawonso anabwera atavala chitenje, n'kukhala kwa amayi.

Anthu anali ochuluka. Wotsogolera mwambo anali a Tembo, wapampando wa mphakati wa a Banda kutchalitchi, munthu wa mawu okoma poimba. A Tembo omwewo mkati mwa sabata ankavala yunifolomu ya imigireshoni pa chipata cha Mwami. Aliyense ankadziwa zimenezo, ndipo sizinkavuta munthu. Anawerenga mbiri ya malemu monga inalembedwera: anabadwira ku Chadiza, anabatizidwa, anakwatira, anagwira ntchito ya manja. Bokosi litatsitsidwa, anafunsa monga mwa mwambo ngati panali wa kubanja woti anene mawu otsiriza.

Panaimirira nkhalamba imene ndinali ndisanaionepo, yovala jekete lotuwa ndi fumbi, miyendo ya buluku itamangidwa ndi mphira. Anali akulu awo a malemuwo. Uthenga utawapeza anapalasa njinga kudzera m'tinjira mpaka kufika. Tsono inu ana a m'tauni mudziwe ichi: wa kubanja akaimirira pamanda sadulidwa mawu, ndipo pamanda sanenapo bodza. Akuluakulu amati ukamuika munthu ndi dzina lobwereka, makolo ake kumene akupitako samuzindikira.

Nkhalambayo sinayang'ane anthu. Inayang'ana m'dzenje. "Zuze," inatero, "ndine. Anthu awa akusunga bwino, ndawathokoza. Koma sakukudziwa. Ndiwe Zuze, wa kwathu ku Angoniya, wachitatu kutuluka m'mimba mwa amayi athu. Unachoka mfuti zikulira, ndipo amayi anamwalira akukufunsa. Thupi lako likhale kuno ndi mwana wako, koma iwe tiye kwathu." Inawerama, n'kutapa dothi la pamandapo, n'kulimanga m'kansalu, n'kuika m'thumba la jekete.

Kenako amayi Rozina anakuwa, "Zuze! Zuze wanga!" kulira kosafanana ndi kumene analira masiku onse a pasiwa. Ine diso linali pa kamera, ndipo ndinamuona Esinati. Sankalira. Ankayang'ana a Tembo. A Tembo anatsegula buku lawo n'kuyambitsa nyimbo mokweza kuposa kale, anthu n'kulandira, adzukulu n'kuyamba kukwirira. Sindinazimitse kamera mpaka nkhata zitaikidwa.

Patapita masiku ndinakhala ndi a Chileshe kunyumba ya alendo kumene tinkagwirira ntchito, n'kuonera zimene zinali pa khadi. Titafika pa nkhalamba ija anagwetsa misozi. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti, "A Mbewe, filimu yathu ithera apa."

"Ayi, mayi. Awa ndi maliro a eni ake."

"Tibisa nkhope."

"Mubisanso dzina? Mubisa Angoniya? Mubisa kukuwa kwa mayi aja? Mukabisa zonsezo patsala chiyani, dothi?"

"Nanga chinsinsi chake chili pati? Nabvutika yense anamva. Wa imigireshoni anali pomwepo, anamva ndi makutu ake, ndipo palibe chachitika. Anthu awa akhala zaka makumi atatu ngati mbewa kuuna chifukwa palibe amawaona. Dziko likaona ichi, mwina akuluakulu achita manyazi n'kuwakonzera mapepala. Manja okhoma lata sangagwedeze lamulo. Ichi chingathe."

Mfundo yawo inali yolemera, ndipo ine ndikasowa yankho ndimakweza mawu. Ndinanena zina zimene sindilemba pano, ndinasolola khadi m'makina, ndinaliika m'thumba la malaya, n'kumenyetsa chitseko. Kukopera zojambulidwa m'kompyuta inali ntchito yanga, ndipo za malirozo ndinali ndisanakopere. Choncho maliro onse anali m'thumba mwangamo, kwina kulikonse kunalibe.

A Chileshe sanali munthu wakuba. Anapita okha kwa amayi Rozina kukapempha, ndipo ine nditafika mawa lake ndinapeza nkhaniyo itaigawa nyumba pakati. Amayi Rozina anali atavomera.

"Ine ndakalamba," anandiuza. "Akafuna kunditenga anditenge, akandiponye kumene akufuna. Amuna anga akhala moyo wonse ndi dzina la eni. Lawo latuluka kamodzi kokha, iwo ali m'bokosi. Lisiyeni limveke."

Esinati anali ataima pakhomo, chikwama cha ku koleji chili m'manja. "Amama, inu mukakhala kwa abale anu. Nanga ine? Kumeneko ndikudziwako ndani? Ndatsala pang'ono kumaliza. Akandichotsa, adadi anakhomeranji zidebe zonse zija?"

"Ndi atate ako, Esinati. Ukuchita nawo manyazi?"

"Sindikuchita manyazi, amama. Ndikuchita mantha." Anatembenukira kwa ine. "Ankolo, inu ndi amene munagwira kamera. Chonde."

Ndinachoka khadi lili m'thumba. Mwa malamulo a ntchito, a Chileshe anali ndi zonse: kamera yawo, khadi lawo, chilolezo cha mayi wamasiye. Ine ndinali wobwerekedwa chabe, wotsala zaka zochepa kuti ndipume, mbiri yanga ku ofesi ili yoipa kale. Amayi anu anati, "Bwezani khadi la eni, musatiphetse ndi njala ku ukalamba kuno."

Loweruka ndinakumana ndi a Tembo pamsika wa Kapata akusankha tinsomba ta kapenta. Sindinapite kukawafuna, koma nditawaona sindinawalambalale.

"A Tembo, mwambo uja munauyendetsa bwino."

"Ndi ntchito ya Mulungu, a Mbewe. Ndinaona munabwera ndi makina anu."

"Anandituma ndi amfedwa. Koma pali ena akufuna kuti zikaoneke pa TV."

Anapitiriza kusankha kapenta osandiyang'ana. "Mukudziwa, ine makutu angawa pamanda samva bwino. Mphepo, kulira, nyimbo. Wina akandifunsa zimene nkhalamba ija inanena, ndinena kuti ndinali kufunafuna tsamba la nyimbo. Ndipo si ine ndekha. Panali apolisi paja, panali wa ku ofesi ya zitupa. Tonse tinapita ngati anansi, ndipo zimene mnansi wamva pamanda zimatsala pamanda." Anapereka mbale kwa wogulitsa. "Koma TV ya ku ofesi kwathu ili ndi mawu okwera, a Mbewe, ndipo bwana wanga amaonera nafe limodzi. Akangoti, 'Tembo, uyu akutsogolera nyimboyu si iwe?' ndiye kuti mawa lake ndikugogoda pakhomo paja nditavala chipewa. Sindikufuna. Koma ndidzapita."

"Ndamva."

"Simunamve kanthu. Ndimangodandaula za makutu."

Lolemba ndinagula khadi latsopano lopanda kanthu n'kukaliika patebulo pa a Chileshe. Ndinadziuza kuti lero sindikweza mawu, ndipo zinatheka. "Mayi, ili ndi lolowa m'malo mwa lanu. Lija ndikukapereka ku nyumba ya maliro. Sindinajambulire inu, sindinajambulire boma, ndinajambulira amfedwa. Ngati mukufuna kukandinenera, ofesi mukuidziwa."

"Amfedwawo avomera."

"Wavomera ndi mmodzi. Wakanayo ndiye adzasenze."

"Mukudziwa zimene mwachita, a Mbewe? Munthu uja anabisala moyo wake wonse. Tsiku limodzi lokha anaonekera poyera, inu mwamukwiriranso. Ndipo kuli ena ambiri onga iye amene filimuyi ikanawathandiza."

Mawu amenewo mpaka lero yankho lake ndilibe. Mwina ananena zoona. Mwina filimuyo ikanagwedezadi akuluakulu. Koma mwinayo sindinkamudziwa nkhope. Amene ndinkamudziwa ndi mtsikana woima pakhomo ndi chikwama.

Anakandinenera, ndipo sindiwadandaula, unali ufulu wawo. Bwana anandiitana, anandichenjeza molemba, n'kundichotsa pa ntchito ya filimuyo. Zaka zanga zotsala ndinazithera m'chipinda chosungira katundu, ndikusunga makiyi a zinthu zakufa, mpaka ndinapuma mu 2023. Filimu anaimaliza ndi wojambula wina. Ndinaionera pamene anadzaionetsa mu holo ina kuno. Gawo la a Banda likuthera pa manja akukhoma mbaula, kenako mawu olembedwa onena kuti munthuyu anamwalira filimu isanathe. Ndi filimu yabwino. Ikanakhala yoposa pamenepo, zimenezo sindikana. Pamapeto, pa mayina a ojambula, langa linalipo, loyamba. Chimenecho sindinachiyembekezere kwa munthu amene ndinamumenyetsera chitseko.

Koma ndibwerere ku Lolemba lija. Nditachoka kwa a Chileshe ndinabwereka kompyuta ya m'manja kwa mnzanga n'kulunjika ku Nabvutika. Pansi pa mango paja panali patasesedwa, malata ataunjikidwa pambali. Esinati anali asanabwerere ku koleji. Ankadikira kuti adziwe ngati kubwererako kunali ndi phindu. Ndinaika khadi m'dzanja la amayi Rozina n'kuwauza mosazungulira kuti ine ndakana kulipereka ku filimu, ndipo kuti wakana ndine, osati mwana wawo.

"Ndiye kuti mawu anga alibe ntchito," anatero.

"Ali nayo, mayi. Khadi ndi lanu. Mukafuna kukalipereka nokha kwa a Chileshe, njira mukuidziwa, sindikutsekerezani. Koma ndi dzanja langa ayi."

Anakayang'ana kakhadiko, kochepa ngati chikhadabo. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anati, "Tandionetsani kaye."

Esinati anatseka chitseko ndi zenera. Tinakhala atatu pamphasa, kompyuta ili pampando. Tinaona bokosi likutuluka m'nyumba, anthu akuyenda, a Tembo akuwerenga. Nkhalamba ija itaimirira n'kutchula dzina, amayi Rozina anakweza dzanja. "Imitsani. Bwezani pamenepo." Ndinabweza. Anamvetsera atatseka maso, milomo ikuyenda. "Bwezaninso." Ndinabwezanso. Nditati ndipitirize, Esinati anandigwira mkono. Anasendera pafupi ndi amayi ake, n'kukokera kompyutayo pamiyendo pake, n'kubweza yekha. Anabweza kambirimbiri, ndipo ulendo wina ndinamumva akulitchula nawo dzinalo, motsitsa, ngati munthu wolawa chinthu chimene sanadyepo. Amayi ake anamva. Anangomuika dzanja pabondo.

Titamaliza ndinatulutsa khadi n'kuwapatsanso. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, analiika m'menemo, n'kumanga kolimba ndi mano.

"Ili likatsata dothi lija ku Angoniya," anatero. "Kwina ayi. Iwe Esinati, basi ya m'mawa isakusiye."